Nsalu Yobiriwira pa Mlatho

1. Chipewa m'fumbi

Dzina loti Tsabola sanamupatse ndi makolo ake. Linachokera kwa anzake a kusukulu, ndipo aliyense amene analawapo lilime lake ankavomereza kuti dzinalo silinaphonye. Anali mtsikana wa Fomu 3, wamfupi, wanzeru, koma wosunga mangawa. Ukamulakwira lero ankatha kudzakukumbutsa chaka chamawa, n'kukuuza ndi malaya omwe unavala tsikulo.

Chipongwe chachikulu chimene ankasunga sichinachitikire iye ayi. Chinachitikira bambo ake.

Bambo akewo ankagwira ntchito kumaiwe a nsomba, kumunsi kwa mtsinje umene umadutsa kuseri kwa sukulu. Iwo ndiwo ankadyetsa nsomba, kutchetcha udzu m'mbali mwa maiwe, ndi kutsegula ngalande yolowetsa madzi. Kenako nsomba zinayamba kusowa. Mwini maiwe sanafune kufufuza zambiri. Tsiku lina dzuwa lili paliwombo anawaimitsa pageti, n'kukhuthulira chikwama chawo pansi anthu akuona. Munatuluka kasopo kotsala, kabotolo ka madzi ndi chipewa basi. Komabe ntchito inatha tsiku lomwelo.

Tsabola analipo. Anali atabwera kudzawapatsira chakudya, ndipo ndiye anatola chipewacho m'fumbi.

Kuchokera pamenepo bambo ake anayamba kusoka nsapato pakhonde la golosale ina. Iwo nkhaniyi sankaitchulanso, koma mwana wawo ankagona nayo ndi kudzuka nayo. Panalinso munthu woonetsetsa kuti bala lisapole. Ameneyu anali mwana wa mwini maiwe, mnyamata wa m'kalasi mwake momwemo, amene anzake ankamutcha Kabwana chifukwa ankayenda ngati msewu anaugula. Tsabola akamadutsa, Kabwana ankagwira mphuno n'kufunsa mokweza, "Amangwetu, kukununkha nsombaku n'kuti?"

Tsabola ankangoti, "Seka lero. Tsiku lako likubwera."

Anzake ankayesa n'zongonena. Sankamudziwa bwino.

2. Amithenga a mtsinje

Pasukulupo panali kalabu ya zachilengedwe, ndipo Tsabola ndiye ankatsogolera gulu loona za mtsinje. Mpandowo unamuyenera. Pa ana onse panalibe wina wodziwa zokhala pansi pa miyala ya m'madzi kuposa iye.

Teremu imeneyo anthu okhala kumunsi kwa mtsinje anapempha sukulu kuti iziwachenjeza madzi akayamba kuipa. Anagwirizana njira yosavuta. Pamlatho anazikapo mtengo wautali. Madzi akakhala bwino, ana azipachikapo nsalu yobiriwira. Akaona zokayikitsa, azipachika yofiira. Mwini maiwe analonjeza kuti yofiira ikangokwera, iye azitseka ngalande n'kuyamba kupopa madzi apachitsime.

Chotsala chinali kusankha zinthu zimene anawo aziyang'ana kuti adziwe nsalu yopachika. Aphunzitsi a sayansi, mayi amene ankayang'anira kalabuyo, anasonkhanitsa ana onse m'chipinda cha sayansi. Anali oyembekezera, choncho anayankhula atakhala pampando, mapazi atawasanjika pa kabokosi.

"Ana inu, tcherani khutu," anayamba motero. "Mtsinje suyankhula, koma sudwala mobisa. Uli ndi amithenga ake, ena achangu, ena aulesi. Nsomba yaikulu ikayandama chagada, ameneyo ndi mthenga wa maliro. Ife sitikufuna wotiuza kuti zinthu zaonongeka kale. Tikufuna wotitsina khutu nthawi idakalipo. Paja nkhanga zinapangana kusanapse.

"Tsono chizindikiro chabwino chikhale chosachedwa kumva. Madzi akangosintha pang'ono, nachonso chisinthe. Chikhale choti mwana wa Fomu 1 atha kuchiona ndi maso ake popanda makina. Komanso chisakhale chabodza, chongosintha chokha poti kwazizira kapena kwatentha. Mukakweza nsalu yofiira pachabe kawiri katatu, tsiku la zoona anthu adzangoyang'ana kumbali. Ndiponso musamanyengedwe ndi maonekedwe. Madzi atha kuyera mbee ngati a m'botolo, koma muli imfa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

"Chomaliza n'chakuti nsalu imeneyi ndi pakamwa pa sukulu yonse. Amene aziipachika adziwe kuti kumunsiku kuli anthu amene azichita zinthu chifukwa chomukhulupirira iyeyo. Akanama, sanamiza mtengo uja. Wanamiza anthu."

Atatero anadzigwira pamimba n'kumwetulira.

"Ine mukundiona mmene ndililimu. Kotsetsereka kuja sindingatsike mpaka mlendoyu atafika. Tsabola, maso anga ndiwe. Ukaone mmene mtsinje ulili, mawa udzatiuze tisanasankhe."

"Chabwino, aphunzitsi," anayankha Tsabola.

3. Tinyumba topanda eni

Ataweruka, Tsabola anatenga beseni loyera ndi sefa, n'kutsikira kumtsinje pamodzi ndi mnzake wapamtima. Mnzakeyu ankatchedwa Wailesi, chifukwa nkhani ikalowa m'khutu mwake sinkachedwa kutulukira pakamwa.

Ntchito yake inali yodziwika. Umanyamula mwala wa m'madzi othamanga, n'kuutsukira m'beseni, kenako n'kudikira kuti madzi adekhe. Masiku onse m'beseni munkadzaza tizilombo. Munali tina tamichira itatu, taphanthiphanthi, tothamanga chammbali. Munalinso tina tomanga tinyumba ta mchenga n'kumayenda nato. Aphunzitsi anali atawaphunzitsa kuti timeneti ndito timayamba kufa madzi akalowa mankhwala, nsomba zisanamve n'komwe.

Tsabola anatsuka mwala woyamba. M'beseni munali mchenga wokha. Anatsuka wina, kenako wina. Pamiyalapo tinyumba ta mchenga tinalipo ndithu, koma atafinya kamodzi anapeza kuti m'kati mulibe mwini.

"Tasamuka kodi?" anafunsa Wailesi. "Mwina talephera kulipira lendi."

Tsabola sanaseke. Anayang'ana madziwo. Anali oyera bwinobwino, mpaka mchenga wapansi unkaoneka. Pansi pa mlatho milamba inkasambira mwaulesi ngati kulibe vuto lililonse.

"Tiye kumtunda," anatero.

Anayenda m'mbali mwa bango mpaka anafika pamene panali madimba atsopano a kabichi ndi tomato. Pamenepo anapeza bambo wina atawerama m'madzi, akutsuka pampu yopopera mankhwala. Anaitsukuluza, n'kukhuthulira zonse mumtsinje. Thovu loyera linayandama pang'ono, kenako linazimiririka. Bamboyo anabereka pampu yake n'kumapita akuimba mluzu.

Tsabola anadutsa pamalopo n'kupita kumtunda pang'ono. Ananyamula mwala n'kuutsukira m'beseni. Tizilombo tinangoti nyakanyaka, tamichira itatu ndi tatinyumba tomwe.

Wailesi anagwira pakamwa.

"Mayo ine! Ndiye kuti ndi mankhwala aja! Tiye tithamange tikauze aphunzitsi!"

Tsabola anakhuthula beseni pang'onopang'ono. Maso ake anali kumunsi, kumene malata a nyumba ya kumaiwe ankanyezimira ndi dzuwa. Chinthu chimene anachidikira kwa nthawi yaitali chinali chitabwera chokha, ndipo mtima wake unakondwa. Chinali chimwemwe choipa, koma chinamukomera.

"Sutiuza munthu aliyense," anatero.

"Iwe! Nanga nsomba za kwa Kabwana?"

"Zife. Zife zonse, ziyandame, zinunkhe mpaka kumsewu. Pamenepo ndidzamufunse ineyo kuti kukununkha nsombaku n'kuti."

"Nanga anthu ena?"

"Madzi akumwa amatunga pamjigo. Muno amangochapa. Wothira mankhwala si ine. Ine ndangokhala chete, ngati mmene anthu anakhalira chete pageti paja. Lumbira kuti suulula."

Wailesi analumbira, koma nkhope yake inali ngati ya munthu amene wameza fupa. Kumusungitsa chinsinsi ameneyu kunali ngati kutunga madzi ndi sefa imene ananyamulayo, ndipo Tsabola akanakhala kuti sanaledzere ndi mkwiyo akanakumbukira zimenezi.

4. Pakhonde la golosale

Popita kunyumba Tsabola anadzera pamene bambo ake ankasokera nsapato. Anawapeza akumata soli, akuimba chapansipansi. Anadabwa, chifukwa chichokereni kumaiwe anali asanawamvepo akuimba. Anaonanso kuti m'miyendo ya buluku lawo munali matope akuda.

"Matopewa mwawatenga kuti, bambo?"

"Khala pansi, mayi," anatero bambo ake, akumusunthira kampando. Ankamutcha mayi akafuna kumunyengerera. "Kuli nkhani. Pano panabwera mwini maiwe."

"Kudzatani? Kudzasecha m'nsapato za anthu?"

"Wakuba uja anapezeka. Anali akatumbu. Anaboola pansi pa waya, kumbali ya bango. Alonda anawaona ndi maso awo akutuluka ndi nsomba kukamwa. Ndiye bambo aja anabwera kudzapepesa."

Tsabola anaimirira.

"Akatumbu! Ndiye kuti munavulidwa ulemu chifukwa cha nyama yakutchire? Anapepesera kuti? Pageti paja, anthu aja ataitanidwanso?"

"Anapepesera pano."

"Chipongwe pagulu, kupepesa pakhonde! Inu n'kuvomera?"

Bambo ake anaika nsapato pansi n'kupukuta manja pa thewera lawo la ntchito.

"Mwana wanga, tamvera. Tsiku lija amene anachita manyazi ndine, osati iwe. Ndinalira, usaganize kuti sindinalire. Koma ndaona anthu ambiri osunga chakukhosi, ndipo sindinaonepo ngakhale mmodzi amene chinamunenepetsa. Munthu wotentha tchire kuti aphe mbewa imodzi sauza moto pothera. Umayamba ndi mbewayo, kenako munda wa mnzako, kenako mphepo ikatembenuka umabwera pa denga lako. Ukamadzathamanga ndi chidebe, anthu amakufunsa kuti unayatsa ndani.

"Munthu uja anandilakwira, inde. Koma wabwera yekha ndi miyendo yake, wavula chipewa pamaso pa wosoka nsapato. Si onse amatero. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Iwe uli ndi mutu wabwino, aphunzitsi ako amandiuza. Mutu umenewo usausandutse nkhokwe ya mangawa. Choipa chitsata mwini, mayi, ndipo sichifunsa kuti unayamba ndi iwe kapena ndi mnzako."

"Ndamva," anatero Tsabola, koma anali atakoleka kale chikwama paphewa.

"Taima kaye, nkhani sinathe. Bambo aja ananenanso kuti..."

"Zonena zawo asunge. Ine ndikukaphika."

Anachoka osacheuka. Bambo ake anapukusa mutu, n'kunena chamumtima kuti chotsalacho adzamuonetsa ndi maso, poti makutu ake anali atatseka.

5. Kukweza manja

M'mawa mwake kalabu inakumananso. Aphunzitsi analemba pabolodi zinthu zonse zimene ana anatchula: kuyera kwa madzi, milamba ya pansi pa mlatho, bango la m'mbali, ndi tizilombo ta pansi pa miyala.

"Tsabola, tiuze. Unapeza zotani?"

Tsabola anaimirira. Wailesi anaweramitsa mutu n'kuyamba kuluma cholembera.

"Madzi ndi oyera, aphunzitsi. Milamba ilipo yambiri, bango lili bwino. Tizilombo tilipo, koma tachepako, ngati mmene timachitira nyengo ino. Paja munatiuza kuti tikakula timamera mapiko n'kuuluka. Ndiye ine ndikuona kuti timeneti tingatinamize. Tidzakweza nsalu yofiira, pamene eni ake angouluka. Komanso a Fomu 1 satha kutisiyanitsa, ndipo miyala ija ndi yoterera. Wina akadzathyoka mwendo tidzanena chiyani?"

Bodza loopsa ndi lija losakaniza ndi zoona. Chilichonse chimene ananena chinali ndi mbali yake yoona, kupatula mawu amodzi aja oti tilipo.

Aphunzitsi anaganiza pang'ono.

"Zoti tina timauluka n'zoona. Koma si tonse nthawi imodzi. Unationa ndi maso ako?"

"Ndi maso anga, aphunzitsi."

Pamenepo Kabwana anakweza dzanja.

"Ine ndikukana. Mlamba ndi nsomba yotani? Imakhala moyo ngakhale m'matope. Mlamba ukamafa ndiye kuti zina zonse zinafa kale. Bango nalo limamera ngakhale kuseri kwa bafa. Tisankhe tizilombo."

Mnyamatayu ananena zoona zokhazokha, ndipo ana ena anayamba kugwedeza mitu. Akanangokhala pansi pomwepo, nkhani ikanatha bwino. Koma pakamwa pozolowera chipongwe sipadziwa polekera.

"Komanso," anapitiriza akuyang'ana anzake, "nkhani za nsomba tisamafunse anthu ena. Kwawo nsomba amazidziwa zili m'chikwama."

Aphunzitsi anamudzudzula kolimba n'kumuuza kuti apepese, ndipo iye anapepesa ndi pakamwa pokha. Koma madzi anali atatayika kale. Ana ambiri ankadziwa za pageti paja, ndipo Kabwana anali atawatopetsa.

"Ofuna tizilombo akweze manja," anatero aphunzitsi.

Linakwera dzanja la Kabwana ndi a ana ena awiri. La Wailesi linanyamuka pang'ono, Tsabola anamuponda phazi, dzanjalo n'kukathera pokanda m'mutu.

"Ofuna madzi, milamba ndi bango?"

Manja anadzaza m'chipinda.

Aphunzitsi anapumira m'mwamba.

"Ine mtima wanga unali pa tizilombo. Koma kalabu ndi yanu, ndipo amene waona mtsinje ndi mnzanuyu. Tiyamba ndi zitatuzi. Ndikachira tidzatsika tonse, ndidzaphunzitse a Fomu 1, tidzaonjezere tizilomboto. Tsabola, tenga nsalu."

Anamupatsa zonse ziwiri. Yofiira Tsabola anaipinda n'kuiponya pansi penipeni pa chikwama.

6. Kudikira

Masana omwewo kalabu yonse inapita pamlatho. Madzi anali oyera, milamba inalipo, bango linali lobiriwira. Zizindikiro zonse zitatu zinavomerezana, monga mmene wozisankha anafunira. Tsabola anamanga nsalu yobiriwira pachingwe n'kuikoka yekha mpaka pamwamba. Anzake anaomba m'manja.

Masiku otsatira iye ankadzera pamlatho m'mawa uliwonse. Ankasuzumira m'madzi kuti anthu amuone, kenako ankamangitsa chingwe. Amayi ochapa ankamupatsa moni waulemu. Agogo ena oweta mbuzi anamuuza kuti, "Mwachita bwino ana asukulu. Tsopano tikumwetsa ziweto mtima uli m'malo." Mawu amenewa anamubaya pang'ono, koma anadziuza kuti mbuzi ndi zolimba.

Chimene ankadikira chinali chimodzi: kumva kuti kumaiwe kwagwa tsoka. Anali atakonza kale mawu odzanena. Ankawayeserera akutsuka mbale, akusita yunifolomu, ngakhale akuyenda mumsewu. Anali atasankha ndi malo odzaimapo, pakhomo la kalasi, anthu onse akumva.

Wailesi yekha ndiye ankaonda. Anasiya kucheza, anasiya kuseka, ndipo anthu anayamba kumufunsa ngati mabatire atha.

"Mnzanga, ine chinthuchi chikundiotcha," anadandaula tsiku lina. "Bambo uja ndamuonanso dzulo akutsuka pampu."

"Chikuotche. Unalumbira."

"Koma ukudziwa kuti Kabwana akundifunsafunsa? Akuti n'chifukwa chiyani ndinakanda m'mutu tsiku lija."

"Umuuze kuti uli ndi nsabwe," anatero Tsabola, n'kumusiya ataima pomwepo.

7. Dziwe loyamba

Loweruka m'mawa bambo ake anavala majombo amene anali atawasunga pansi pa bedi chichokereni ntchito. Anavalanso chipewa chija.

"Tiye, mayi. Nkhani imene unaithawa ija ukaione ndi maso."

Tsabola anawatsatira. Ataona kuti njira ikulowera kumaiwe anafuna kubwerera, koma bambo ake anamugwira dzanja ngati mwana wamng'ono. Pageti mlonda anawavulira chipewa. Analowa, n'kukaima pa dziwe loyamba, limene linali pafupi ndi pamene ngalande imalowera kuchokera kumtsinje. Udzu wa m'mbali unali wotchetcha kumene. Madzi ankalowa mwakachetechete kudzera pa kachitseko kathabwa.

"Ukuliona dziwe ili?" anafunsa bambo ake. "Ndi lathu. Bambo aja anati kupepesa kwa pakamwa sikukwanira. Andipatsa dziwe ili kuti ndiziweta nsomba zanga, ine mwini. Matope unawaona aja ndinkakonza muno. Dzulo madzulo ndaikamo tiana ta nsomba. Tikakula, iwe sukulu yako yonse ili m'madzi amenewa."

Tsabola anatembenukira ku kachitseko kaja.

"Madziwa... akuchokera kumtsinje?"

"Nanga achokere kuti? Bambo aja zitseko za maiwe awo anatseka masiku apitawa, akupopa apachitsime. Akuti mnyamata wawo uja anawaumiriza, sakukhulupirira nsalu ya pamlatho. Anandiuza kuti nanenso ndidzaze ndi apachitsime, poti tiana ta nsomba sitipirira. Ine ndinakana." Bambo ake anaseka monyadira. "Ndinawauza pamaso kuti, bwana, nsalu ija wapachika ndi mwana wanga. Mwana wanga pakamwa ndi pakuthwa, koma sanama."

Tsabola sanadikire kuti amalize. Anathamangira pa kachitseko kaja, nagwada m'matope, n'kuyamba kukakankhira pansi ndi manja onse awiri.

"Tsekani! Bambo, ndithandizeni, tsekani madziwa!"

"Iwe, watani? Titsekerenji? Nsalu ili yobiriwira, ndaiona pobwera pompano."

"Tsekani basi!"

Thabwa linatsika, madzi analeka kulowa. Tsabola anatsala chogwada, akupuma mwabefu, manja ali matope okhaokha.

Bambo ake anali akuyang'ana pakona ya dziwe, pamene madzi a mumtsinje ankagwera. Tiana ta nsomba tinali titasonkhana pamwamba, tikuyasamula tikamwa. Kamodzi kanayamba kuzungulira pamalo amodzi ngati kaledzera. Kenako kanatembenuka, kamimba koyera kali m'mwamba. Pambali pake kena kanachitanso chimodzimodzi.

Munthu amene wadyetsa nsomba zaka zambiri safuna womuuza tanthauzo la zimenezi. Anawerama, natola kansombako, n'kukaika pachikhatho. Anakayang'ana nthawi yaitali. Kenako anakweza maso n'kuyang'ana kumtunda, kumene nsalu yobiriwira inkaoneka ikukupiza pamwamba pa mlatho. Pomaliza anayang'ana mwana wawo, amene anathamangira kutseka madzi nsomba ngakhale imodzi isanatembenuke.

Kugeti kunamveka phokoso. Ankabwera ndi Kabwana, atanyamula beseni loyera lija. Pambuyo pake panali Wailesi, amene chinsinsi chija chinali chitamulaka, maso ali ofiira ndi kulira. Pambuyo pa onsewo aphunzitsi ankayenda pang'onopang'ono, dzanja lili m'chiuno, mwini maiwe atawagwirira ambulera.

Tsabola sanawaone n'komwe. Maso ake anali pa chikhatho cha bambo ake.

"Mayi," anatero bambo ake motsitsa mawu, mopanda ukali uliwonse, "asanafike anthu awo, ndiuze ine ndekha. Unadziwa liti?"